Malikisi a Basela Amene Anagwetsa Apongozi

Anthu ena akalakwitsa kuntchito, manyazi awo amathera pageti pa ofesi. Anga ayi. Anga anakwera nane minibasi, anatsika nane ku Mchesi, ndipo mpaka lero amandiperekeza pa ukwati uliwonse wa kuchikazi. Mkazi wanga akuti kuwulula nkhani imeneyi n'kudzivula pagulu, koma abale inu, msika wonse ukuidziwa kale, ndiye ndibisiranji inu?

Ine ndimaphunzitsa pa kakoleji kena ku City Centre, m'mwamba mwa nyumba ina ya maofesi (dzina ndisatchule, ntchitoyo ndikuifunabe). Phunziro langa ndi la kayendetsedwe ka bizinesi zing'onozing'ono, ndipo timaphunzitsa pa intaneti. Ophunzira anga ambiri ndi anthu a m'misika, atelala, amayi a masaluni, ogulitsa misomali ndi utoto. Amalowa m'kalasi pa foni ali pa benchi pawo, uku akubweza chenji. Malikisi nawo timalemba pa intaneti pomwepo. Ndikangolemba kuti uje wapeza zakutizakuti n'kudina kuti zipite, makinawo amawonkhetsa okha n'kutumiza uthenga pa foni ya mwini wake nthawi yomweyo. Kukhoza kumayambira pa 50.

Tsiku lina ndikuyang'ana mayina a ophunzira atsopano, ndinaona dzina limene sindinaliyembekezere. A Nabanda, mayi ake a mkazi wanga. Apongozi anga enieni, ogulitsa zitenje mu Msika wa Lilongwe.

Tsono muyenera kuwadziwa apongozi angawa. Akhalitsa m'tauni, koma za kwawo ku Mitundu sanataye ngakhale chimodzi. Kwa iwo mkamwini ndi mpongozi sayang'anizana. Chikwatirireni sindinadyepo nawo m'chipinda chimodzi. Tikakumana panjira ine ndimapatukira m'mbali n'kunyonyomala pang'ono ndikuwomba m'manja, iwo amayankha moni nkhope itayang'ana kumitengo. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ine ndili chiimire pomwepo, mawu onse ndikuwamva bwinobwino, kenako mkazi wanga n'kundibwerezera.

Madzulo ake ndinafunsa kunyumba. "Amake Tadala, amayi akudziwa kuti mphunzitsi wa kalasi imeneyi ndine?"

"Akudziwa. Akuti pa foni palibe vuto, azizimitsa kamera."

"Nanga sukuluyi aikumbukira bwanji pa msinkhu umenewu?"

"Abiti Saidi alembetsa."

Basi, sindinafunsenso. Abiti Saidi ndi mayi amene benchi lawo lagundana ndi la apongozi. Awiriwa amasungirana katundu wina akapita kokapemphera, amabwerekana sizasi, koma amapikisana pa chilichonse: ndani wapeza zitenje zatsopano poyamba, mwana wa ndani wakwatiwa bwino. Abiti Saidi kulandira satifiketi apongozi alibe, zimenezo sizikanatheka.

Ndinene zoona, apongozi analimbikira. Sukulu anaisiyira ku pulayimale, kulemba pa foni amalemba ndi chala chimodzi, koma ntchito iliyonse ankatumiza. Kamera yozimitsa, osalankhula m'kalasi, funso akakhala nalo limadzera kwa mkazi wanga n'kundipeza ndikudya. Titamaliza mayeso otsiriza ndinachonga mapepala onse, makina anawonkhetsa, ndipo pa dzina lawo panatuluka 48. Abiti Saidi 41. Onse awiri agwa, koma apongozi aperewera ndi malikisi awiri okha. Zotsatirazo zinali zisanapite ku mafoni a ophunzira, ndinkaziona ndekha.

Kufika kunyumba, ndinapeza chitenje chobiriwira chayalidwa pampando.

"Ichi ndi cha pa tsiku la magauni," anatero mkazi wanga. "Amayi asankha. Banja lonse tivala chimodzimodzi, telala wa ku Area 4 wayamba kale kusoka. Inunso akusokerani malaya. Amayi akumpingo nawo awaitana. Akuti chibadwire sanavalepo gauni, ajambulitse chithunzi chachikulu chokoloweka pakhoma."

Chakudya chinandikanika tsiku limenelo.

Kungofufuta 48 n'kulemba 50 ndinaona kuti n'kuba, ndipo ine ndine munthu wopemphera. Ndinkafuna njira yoti ndibe mwaulemu. M'mawa wa Lachinayi nzeru inabwera (ndinadzitamandira kwambiri, Mulungu andikhululukire). Ndinalembera kalasi yonse kuti ndapereka kantchito kowonjezera ka malikisi 20: aliyense ajambule benchi lake kapena shopu yake, afotokoze mwachidule mmene amayalira katundu kuti akope makasitomala. Ndinatsindika kuti sikokakamiza, wofuna achite, wosafuna sataya kanthu, ndipo titseka Lolemba masana. Ophunzira anakondwa, anakatcha kantchitoko basela. Ine mumtima ndinkadziwa kuti mu msika monse mulibe benchi loyalidwa bwino kuposa la a Nabanda. Basela ameneyu ndinamuyeza pa thupi lawo ngati telala.

Lachisanu m'mamawa foni inalira. Alongo awo a apongozi, amalume ake a mkazi wanga, atisiya ku Mitundu.

Tonse tinanyamuka. Inu mukudziwa ntchito ya mkamwini pamaliro a kuchikazi: si kukhala pampando. Ndinawaza nkhuni mpaka matuza, ndinasenza mabenchi kuchokera kutchalitchi, ndinathamangitsidwa uku ndi uku ndi aliyense wa imvi. Apongozi anali m'nyumba ya siwa pakati pa amayi, maso atatupa. Chisoni ndinali nacho, musandiweruze, koma m'mutu mwanga munkangolira Lolemba masana, Lolemba masana. Loweruka ndinalephera kupirira, ndinakodola mkazi wanga kuseri kwa nkhokwe.

"Amake Tadala, ukapeza mpata uwanong'oneze amayi kuti pali kantchito ka basela. Kakutsekedwa Lolemba."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo a Tadala, mutu ukuyenda bwino? Amayi ataya mlongo wawo, ine ndilowe m'siwa ndikati jambulani benchi? Benchilo mwaliona kuno?"

"Ndimangoti mwina..."

"Pitani mukawaze nkhuni."

Ndinapita kukawaza nkhuni. Ife tinabwerako Lamulungu, apongozi anatsalira kudikira zomaliza za pamudzi, anafika m'tauni Lolemba dzuwa litapendeka, basela atatsekedwa. Kuwonjezera masiku sikukanatheka chifukwa a ofesi anali atalamula kuti zotsatira zituluke Lachiwiri. Ndinadzitonthoza kuti chabwino, ndayesa, akhala pa 48 pawo pomwepo, palibe chaonongeka.

Lachiwiri m'mawa ndinakhala pa kompyuta ya ku ofesi. Ndinatsegula malo atsopano olembapo malikisi a basela, n'kuuza makina kuti ntchitoyi ndi ya 20. M'munsi mwake munali timabokosi tingapo tochonga, timawu take ting'onoting'ono. Ndinationa ndithu, koma ine zowerenga timabokosi ndinasiya kalekale, ndimangodina kupitirira. Amene anatumiza zithunzi ndinawapatsa malikisi awo (Abiti Saidi anachita bwino ndithu, 15), amene sanatumize ndinawaikira ziro. Ndinadina kuti zotsatira zipite, n'kutsika pansi kukagula tchipisi pachiwaya.

Ndisanathire n'komwe mchere, foni inayamba kunjenjemera m'thumba ngati muli njoka. Pa gulu lathu la kalasi mauthenga anali kugwa ngati matalala.

"Aphunzitsi, powonkhetsa ndekha ndinali ndi 56, apa akuti 47. Ndalakwanji?"

"Si munati sikokakamiza inu?"

"Basela wanji wolanda?"

Ndinathamanga kukwera masitepe, tchipisi ndinazisiya pomwepo. Kuyang'ana pa kompyuta, mayo ine! Makinawo sanadziwe kuti 20 uja ndi basela. Anamuphatikiza pa mulu, tsopano aliyense ankayezedwa pa 120. Zinali ngati wogulitsa tomato amene ukakana basela wake, amachotsako tomato pa mulu umene wagula kale. Anthu amene anakhoza bwinobwino n'kusiya kantchitoko chifukwa ine ndinati sataya kanthu, anagwera pansi pa 50. Abiti Saidi, ndi basela wawo yemwe, anali pa 47. Ndinatsitsa maso pang'onopang'ono kufuna dzina la apongozi. 40.

Foni inaliranso, mkazi wanga.

"Amayi akuti foni yawo ikunena 40. Akuti ndikufunseni ngati kukoleji kwanuko munthu amadulidwa malikisi chifukwa chopita kumaliro."

"Uwauze kuti makina asokonekera, ndikukonza pompano."

Apa munthu wanzeru akanaima kaye, n'kumwa madzi, n'kufunsa anzake. Ine thukuta linali kamukamu, ndipo kufunsa kukanatanthauza kuvomera kuti sindidziwa ntchito. Ndinaganiza mwachangu: vuto ndi maziro aja. Chotsa maziro, vuto latha. Ndinapita pa aliyense amene sanatumize chithunzi, ndinafufuta ziro n'kulemba 20. Inde, 20 wathunthu, kwa anthu amene sanajambule ngakhale chala chawo. Makina anawonkhetsanso, mauthenga anapitanso ku mafoni. Wa 47 wodandaula uja anakwera kufika 63. Ndinayang'ana pa dzina la apongozi: 57.

Ndikuuzeni chimene chimandichititsa manyazi kwambiri? Ndinasangalala. Ndinatsamira pampando, manja kunkhongo, ndikuti eee, taonani mmene Mulungu amagwirira ntchito.

Mkazi wanga atayimbanso, mawu ake sankamveka bwino chifukwa cha phokoso la kumbuyo. Anali atathamangira kumsika. "Amayi akhoza! Mukumva nthungululuzo? Amanga chitenje m'chiuno, akuvina pakati pa mabenchi, anzawo akuwafupa! Akuti zikomo pokonza makinawo!"

Chimwemwe changa sichinakhalitse. Inalowa foni ina, nambala yachilendo.

"Aphunzitsi, ndine Abiti Saidi." Mawu ofatsa, aulemu, oopsa. "Ndingofuna mundithandize kumvetsa. Ine ndinayala zitenje, ndinajambula, ndinalemba, mwandipatsa 15 ndipo ndalephera. Anzangawa anali kumaliro, benchi lawo ndinkayang'anira ndine lili chifundire, mwawapatsa 20 akhoza. Mwachonga chithunzi chiti?"

Ndinayamba kuchita chibwibwi za makina.

"Kapena n'chifukwa choti ndi apongozi anu?"

Ndipo sanangofunsa pa foni pokha ayi. Funso lomwelo analilembanso pa gulu la kalasi. Kufikira nthawi imeneyo palibe wophunzira wina amene ankadziwa za ubale wathu. Gululo linaphulika. Wina anafunsa ngati ndili ndi mng'ono wosakwatira, kuti naye akhale mpongozi wa m'banja mwathu chaka chamawa.

Pasanapite nthawi anandiyimbira Mayi Kachingwe, mkulu wa maphunziro pakolejipo. Tsiku limenelo ankagwirira ntchito kunyumba kwawo ku Area 10 chifukwa mwendo unali utawavuta. Sanachulutse mawu. "Achimwene, bwerani kuno."

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Ku Area 10 inu mukudziwa, mipanda italiitali, misewu ili zii, agalu okha kuuwa kuseri kwa mageti. Munthu wopita kukadzudzulidwa amamva ngati agalu onsewo auzidwa kale nkhani yake. Ndinawapeza pakhonde, mwendo uli pa kampando, laputopu pamiyendo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

"Khalani apa. Werengani kabokosi aka. Mokweza."

Ndinawerenga mokweza ngati mwana wa pulayimale. Kabokosiko kankafunsa ngati malikisi amenewa ndi ongowonjezera pamwamba, osalowa m'chiwerengero chonse.

"Munakaona m'mawa?"

"Ndinakaona, mayi."

"Munakawerenga?"

Ndinayang'ana maluwa awo.

Anadina kamodzi kokha. Kenako anabwezera maziro onse amene ine ndinasandutsa 20. Makina anawonkhetsa kachitatu, ndipo zonse zinakhala mmene zinayenera kukhalira kuyambira m'mawa. Wa 56 uja anabwerera pa 56 pake. Abiti Saidi, 41 wawo kuphatikiza basela wa 15, anafika 56, akhoza. A Nabanda, 48.

"Mayi," ndinatero, "uthengawo sungaimitsidwe kaye?"

"Wapita kale."

Anavula magalasi. "Ndi apongozi anu enieni?"

"Enieni, mayi."

"Ndipo baselayu munamupangira iwo?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anaseka mpaka misozi, mwendo wodwala uja kugwedezeka pa kampando. Atatha kuseka nkhope inasintha. Anandiuza kuti ndinayenera kunena kuyambira pachiyambi kuti m'kalasi muli wachibale, ndipo kuti ndilembe lipoti la zonse zachitika. Ine, poti manyazi anali atandithera kale, ndinafunsa ngati malikisi awiri okhawo sangapezeke penapake.

"Achimwene, mukanabwera sabata yatha n'kunena kuti pali wophunzira waperewera ndi awiri, tikanapereka pepala lawo kwa mphunzitsi wina alichongenso. Timachita zimenezo kawirikawiri, ndipo nthawi zina awiriwo amapezeka. Koma lero, kalasi yonse ikudziwa kuti ndi apongozi anu? Ndikangokhudza pamenepo, palibe adzakhulupirire satifiketi imeneyo."

Ndiye kuti khomo linalipo, lotsegula, lachilungamo, ine n'kulitseka ndi nzeru zanga. Pobwerera sindinakwere kabaza. Ndinayenda wapansi mpaka ku City Centre kuti ndichedwe kufika kumene ndinkayenera kupita.

Dzuwa lisanalowe tinali ku Mchesi, kunyumba kwa apongozi. Ine anandipatsa kampando pabwalo. Mkazi wanga anakhala pakhomo, nkhope ili gwa, osandiyang'ana. Apongozi anali m'kati kuseri kwa katani, ndinkangoona mapazi.

Ndinawomba m'manja. "Uwauze amayi kuti ndabwera kudzapepesa. Panali kabokosi kamene ndinayenera kuchonga..."

Ndinafotokoza za kabokosiko nthawi yaitali, za 100 ndi 120, za maziro, ngati kuti wolakwa ndi kabokosi. Mkazi wanga sanavutike n'kubwereza komwe.

Kuseri kwa katani kunatuluka mawu otsika. "Uwafunse bambo a Tadala, malikisi anga enieni ndi ati? Lero foni yandiuza zinthu zitatu."

"Uwauze kuti ndi 48."

"Uwafunse, baselayo anaikira ndani?"

Ndinayang'ana mkazi wanga kuti andipulumutse. Iye anayang'ana nkhuku imene inkadutsa.

"Uwauze kuti... ndinaikira iwo. Ndinkafuna akhoze."

Apongozi anayankhula, osakweza mawu.

"Uwauze kuti 48 ndikanamulandira. Ndikanalira m'nyumba muno ndekha, mawa n'kupita kukayala zitenje. Koma lero ine ndavina. Dothi la pamanda a mlongo wanga lisanaume, ndamanga chitenje m'chiuno ndavina pamaso pa msika wonse, anthu akundifupa. Ndisanapukute thukuta, foni yalira. Uwafunse kuti mawa ndikalowere geti liti."

Ndinangokhala pa kampando paja ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono ngati munthu wozizidwa. Moyo wanga wonse sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Tsiku la magauni linafika, ndipo (taonani tsoka) woitana mayina a kalasi yathu ndinali ine. Malaya obiriwira aja anali atasokedwa, koma ndinawasiya m'sutikesi. Ndinkaganiza kuti apongozi sabwera. Nditaitana dzina la Abiti Saidi, nthungululu imene inamveka kuposa zonse inachokera kumbuyo kwenikweni kwa holo. Anali apongozi, atavala chitenje chobiriwira chija ndi duku lake, aimirira, akululutira mnzawo amene anakhoza ndi basela amene ndinapangira iwo. Dzina lotsatira ndinaliwerenga molakwika, mwini wake mpaka anandikonza.

Teremu yotsatira analembetsanso. Ulendo uno ndinapita ndekha kwa Mayi Kachingwe kukanena, ndipo anawaika m'kalasi ya mnzanga wina amene timakhala naye ofesi imodzi. Uthenga wa apongozi unandipeza ndikusamba m'manja kuti ndidye.

"Amayi akuti ndikuuzeni kuti ulendo uno musawathandize."

Timabokosi tsopano ndimawerenga tonse, ngakhale tosandikhudza. Za kusathandizazo ndiye sindikudziwa ngati zinalowa. Sabata yatha ndikudutsa kumbuyo kwa mpando wa mnzanga uja, diso linangogwera lokha pa laputopu yake, pa dzina la a Nabanda: mayeso a pakati pa teremu, 49. Ndinaima. Ndinakhosomola pang'ono, n'kutsegula pakamwa kuti ndingofunsa ngati pepalalo waliyang'anitsitsa bwino.

Mnzangayo sanatembenuke n'komwe. Anatseka laputopu, nati, "Pitani mukadye, achimwene."

Ndinapita kukadya.